Kodi BP ndi shuga za m'banja mwathu n'zakumtundu, kapena tazipeza kuno ku Joni?

Mayi wa ana atatu, Rosettenville

Moni kwa nonse. Mwezi watha ndinapita kukiliniki ndipo anandipeza ndi matenda a shuga, kuwonjezera pa BP imene ndakhala ndikumwera mankhwala kwa zaka zinayi. Namwino atandifunsa ngati pali achibale ena odwala matendawa, ndinayamba kuwerenga pa zala ndipo ndinachita mantha. Mayi anga anamwalira kumudzi ku Dedza atachita sitiroko ali ndi zaka 61, amalume anga awiri amamwa mankhwala a BP, ndipo mlongo wanga amene amagwira ntchito ku Germiston nayenso anamupeza ndi shuga chaka chatha. Koma mng'ono wanga amene anatsala kumudzi, yemwe ndife a mimba imodzi koma abambo osiyana, ali bwinobwino, amalima ndi kusenza madzi osadandaula kalikonse.

Mlongo wanga akuti awa ndi magazi a kuchikazi ndipo palibe chimene tingachite. Amuna anga akuti ndi moyo wa kuno, buledi m'mawa uliwonse, nkhuku yokazinga, zakumwa zotsekemera, komanso kukhala pa makina osokera kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sindikufunsa za mankhwala, chifukwa zimenezo ndikutsatira za kuchipatala. Ndikufuna kudziwa mmene ochita kafukufuku amasiyanitsira matenda otengera kwa makolo ndi matenda obwera chifukwa cha malo ndi kakhalidwe, poti anthu a banja limodzi amafanana pa zonse ziwiri. Ndikufunsa poganizira ana anga, amene awiri anabadwira kuno ndipo wamkulu anakulira kwa agogo ake kumudzi.

Wophunzira masamu a zaumoyo, Braamfontein

Mayi, vuto lenileni mwalitchula kale nokha, lakuti abale amagawana magazi komanso amadyera mbale imodzi, ndipo ntchito yonse ya masamu pa nkhaniyi ndi kufunafuna anthu amene magazi ndi mbale zinapatukana.

Poyamba ofufuza amaona kaye ngati matendawo akuunjikanadi m'mabanja kuposa mmene angaunjikirane mwangozi. BP ndi yofala kwambiri mwa akuluakulu moti m'banja la anthu khumi n'zosadabwitsa kupezamo atatu kapena anayi, ngakhale patapanda chilichonse cha kumtundu. Choncho amatenga chiwerengero cha odwala pakati pa abale a anthu odwala, n'kuchigawa ndi chiwerengero cha odwala pakati pa anthu onse. Tiyerekeze kuti m'dera lina anthu 20 pa 100 alionse ali ndi matenda enaake, koma pakati pa abale a bere limodzi a odwalawo ndi 40 pa 100, ndiye kuti chiopsezo cha m'bale ndi chowirikiza kawiri. Neil Risch anaigwiritsa ntchito kwambiri nambala imeneyi m'zolemba zake za mu 1990. Komabe nambalayi imangosonyeza kuti m'banjamo muli kanthu, sinena ngati kanthuko kali m'magazi kapena mumphika.

Apa m'pamene kuwerengera ubale kumathandiza. Ronald Fisher anasonyeza mu 1918 mmene kufanana kwa achibale pa zinthu monga msinkhu kumatsatirira kuchuluka kwa majini amene agawana. Ndikati majini ndikunena tizidutswa ta DNA timene mwana amalandira kwa makolo, osati mizimu ija ena amaitchanso majini. Kholo ndi mwana amagawana theka, abale a bambo ndi mayi mmodzi amagawana pafupifupi theka, pamene malume, azakhali, agogo, kapena m'bale amene mumasiyana bambo, mumagawana nawo gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo msuweni gawo limodzi mwa asanu ndi atatu. Ngati chiopsezo chikutsika motsatira makwerero amenewa, ndiye kuti magazi ali ndi mbali. Koma mwamuna ndi mkazi wake, amene alibe ubale wa magazi koma adyera limodzi zaka 20, akamafanananso pa BP, kufananako sitingakukankhire kwa makolo.

Chikamwini chathu chimapereka mpata wabwino wofufuzira, umene ndikuona kuti sitinaugwiritse ntchito mokwanira. Mwana wa ku Dedza amakulira kwa amayi ake, ndiye mayi wamng'ono amagawana naye magazi komanso mudzi, chitsime ndi nkhokwe, pamene bambo wamng'ono kapena azakhali a kuchimuna amagawana naye magazi ochuluka chimodzimodzi koma amakhala kutali. Matenda akakhala a magazi okha, ayenera kuoneka mbali zonse ziwiri mofanana, ndipo akachuluka kuchikazi kokha tiyenera kukayikira za mudziwo. Ndaona kuti m'kalata yanu mwatchula a kuchikazi okhaokha, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa choti ndi amene mumawadziwa bwino, osati chifukwa a kuchimuna ndi athanzi.

Njira yotchuka kwambiri ndi ya mapasa, imene Francis Galton anayamba kuilingalira mu 1875. Mapasa ochokera ku dzira limodzi amafanana pafupifupi majini onse, pamene a mazira awiri amagawana theka monga abale wamba, koma mitundu yonse iwiri imakulira nyumba imodzi nthawi imodzi. Douglas Falconer wa ku Edinburgh anapereka kawerengedwe kosavuta: chotsani kufanana kwa mapasa a mazira awiri pa kufanana kwa mapasa a dzira limodzi, kenako muwirikize kawiri. Mwachitsanzo, pa sikelo yoyambira 0 kufika 1, tiyerekeze kuti a dzira limodzi akufanana 0.6 ndipo enawo 0.4. Kusiyana kwake ndi 0.2, kuwirikiza kawiri ndi 0.4, kutanthauza kuti magawo 40 pa 100 a kusiyana kwa anthu a m'gululo akugwirizana ndi majini, magawo 20 ndi za nyumba imene anakuliramo, ndipo 40 otsalawo ndi zimene aliyense anakumana nazo payekha pamodzi ndi kulakwitsa kwa muyeso. Nambala ya gawo la majini ija, imene m'mabuku amaitcha heritability, imanena za gulu la anthu pamalo ake ndi nthawi yake. Sikutanthauza kuti magawo 40 a shuga wanu anachokera kwa amayi anu, ndipo ikhoza kusintha gulu lomwelo likasamuka kuchoka ku Dedza kubwera ku Rosettenville.

Za mng'ono wanuyo, ofufuza amachitadi kafukufuku woyerekeza m'bale wosamuka ndi m'bale wotsala, koma pamafunika mabanja mazana ambiri, ndiponso iye mumasiyana naye bambo, choncho mukusiyana pa malo komanso pa magazi nthawi imodzi.

Mwana wa mtchona, Roodepoort

Mayi, ine masamu sindinapite nawo patali, koma zimene afotokoza achimwenewa zandikumbutsa za kwathu. Bambo anga, bambo anga aakulu ndi bambo anga aang'ono onse atatu anamwalira ndi chifuwa, ndipo kumudzi kwathu ku Mzimba anthu ankanena poyera kuti mtundu wathu ndi wa chifuwa, moti azilongo anga anavutika kupeza banja. Onse atatu anabwera kudzagwira ntchito m'migodi ya golide m'nthawi ya Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito za m'migodi, isanagwe ndege ija ku Francistown mu 1974 imene inapha anthu oposa 70 ndi kuchititsa Kamuzu kuletsa anthu kubwera kuno. Wamkulu anaitana wotsatira, wotsatira anaitana wamng'ono, monga mmene timaitanirana ntchito mpaka lero. Chimene chinawadwalitsa ndi fumbi la miyala limene limaumitsa mapapo ndi kutsegulira njira TB. Mu 2018 makampani a migodi ya golide anagwirizana kulipira antchito odwala mapapo ndi mabanja awo ndalama zokwana R5 biliyoni, khoti lalikulu la kuno ku Johannesburg linavomereza mu 2019, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust ndi limene likuyendetsa malipirowo kwa amene anagwira ntchito kuyambira mu 1965.

Chimene chinanditsegula maso n'chakuti mayi anga, amene si a mtundu wa bambo, nawonso anadwala TB atawasamalira bambo miyezi yambiri m'chipinda chimodzi, pamene azakhali anga, a mimba imodzi ndi abambo atatuwo, anafika zaka 80 osatsokomola. Munthu wongolemba mayina a amuna a banja lathu akanatsimikiza kuti ndi matenda akumtundu, pamene chimene tinkapatsirana ndi ntchito. Ndiye ndifunse achimwene a ku Braamfontein kuti masamu anuwo amazindikira bwanji zoterezi?

Wophunzira masamu a zaumoyo, Braamfontein

Bambo, masamu paokha sangazindikire, pokhapokha wofufuza atafunsa za ntchito ya aliyense ndi zaka zimene anakhala pansi pa mgodi, n'kuziika m'kawerengedwe kake. Zikaikidwa, timaona ngati kufanana kwa abale kukutsalabe pakati pa anthu amene anapuma fumbi lofanana. Kukatha, ndiye kuti ubale unkangobisa fumbilo. Zimene mwanena za mayi anu ndi azakhali anu ndi kuyerekeza komwe kuja kwa mbale ndi magazi. Ku Karonga kafukufuku wa khate amene anayamba mu 1979 ankayenda khomo ndi khomo kulemba amene akukhala nyumba imodzi komanso ubale wawo, ndipo anasonyeza kuti kukhala pakhomo limodzi ndi wodwala kumakweza chiopsezo, nkhani imene kale anthu ankaiona ngati ya mtundu basi.

Pali msampha wina umene nkhani yanu yandikumbutsa, wa mmene mabanja amapezekera. Banja limafika m'kaundula wa chipatala chifukwa muli wodwala, ndipo mabanja opanda wodwala saoneka n'komwe. Titenge matenda a sickle cell, amene mwana amadwala akalandira jini yake kwa makolo onse awiri, ndipo makolo onse akakhala onyamula jiniyo koma osadwala, mimba iliyonse ili ndi mpata umodzi mwa inayi wobala mwana wodwala. Pa mabanja 16 otere a ana awiriawiri, tingayembekezere kuti 9 sakhala ndi wodwala, 6 akhala ndi mmodzi, ndipo limodzi likhala ndi awiri. Kuchipatala kumafika mabanja 7 okha, a ana 14, odwala 8, ndipo wowerenga mosasamala anganene kuti chiopsezo ndi 57 pa 100 m'malo mwa 25. Dokotala wa ku Germany, Wilhelm Weinberg, anakonza vutoli zaka zoposa 100 zapitazo pochotsa mwana amene wachititsa kuti banjalo lidziwike, n'kuwerenga abale ake okha. Odwala 8 aja aliyense ali ndi m'bale mmodzi, ndipo mwa abale 8 amenewo odwala ndi awiri, zimene zikutibwezera pa gawo limodzi mwa anayi. Mayi a ku Rosettenville nawonso anayamba kuwerenga achibale chifukwa chakuti iwowo anapezeka ndi shuga, choncho powerenga asadziikemo.

Ofufuza akafuna kuloza jini yeniyeni, pali njira ya Spielman, McGinnis ndi Ewens ya mu 1993, imene imatenga mwana wodwala ndi makolo ake awiri. Kholo lokhala ndi mitundu iwiri ya jini imodzi liyenera kupatsira uliwonse mwa iwiriyo theka la nthawi, ndiye mtundu umodzi ukamapezeka mwa ana odwala kupitirira theka m'mabanja ambiri, timaukayikira. Ubwino wake mumzinda ngati uno ndi wakuti banja limadziyerekeza lokha, moti sitisokonezeka ndi kusiyana kwa Mzulu, Msotho ndi Mchewa pa majini amene sakukhudzana ndi matendawo. Kuipa kwake n'kwakuti shuga ndi BP zimabwera munthu atakula, makolo atamwalira kapena ali kumudzi mtunda wa masiku awiri pa basi.

Namwino wopuma ntchito, Soweto

Achimwene afotokoza bwino, koma ine ndikufuna kutsutsa pang'ono, chifukwa masamu onsewa amadalira kuti tikudziwa amene akudwala ndi amene sakudwala, ndipo kwathu nthawi zambiri sitidziwa. Mayi, mwanena kuti mng'ono wanu ali bwinobwino, koma kodi anayezedwa liti? BP siipweteka mpaka itawononga, ndipo munthu akhoza kulima munda wonse ili pamwamba. Bungwe la MEIRU, limene linachokera ku kafukufuku wa ku Karonga uja, linayeza akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Karonga ndi ku Lilongwe pakati pa 2013 ndi 2016, ndipo ambiri mwa amene anapezeka ndi BP sankadziwa kuti ali nayo. Inu kuno mumayezedwa nthawi iliyonse mukapita kukiliniki, choncho mwina mbali ina ya kusiyana kwanu ndi mng'ono wanu ndi makina oyezera chabe. Chimodzimodzinso mbiri ya amene anamwalira, poti kumudzi timangomva kuti anadandaula mutu n'kugwa, kapena kuti anatupa miyendo, ndipo ena amathamangira kunena za ufiti.

Chachiwiri, funso lakuti ndi magazi kapena malo nthawi zina lilibe yankho limodzi, chifukwa ziwirizi zimachulukitsana. Munthu wachialubino amalandira jini yake kwa makolo onse awiri, koma khansa ya pakhungu imene imavutitsa ambiri a iwo imabwera ndi dzuwa, ndipo chipewa, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu zimachepetsa chiopsezocho ngakhale jiniyo sisintha. Chitsanzo china ndi jini ya APOL1, imene mitundu yake iwiri inadziwika mu 2010 kuti imakweza chiopsezo cha matenda a impso mwa anthu ochokera mu Africa, ngakhale imatetezanso ku tizilombo tina ta kaodzera. Ambiri amene analandira mitunduyi kwa makolo onse awiri sadwala impso, koma pakabwera HIV yosalandira mankhwala chiopsezo chimakwera kwambiri, ndipo ofufuza a ku yunivesite ya Wits anazionanso mwa odwala a kuno. Powerengera zoterezi amagawa anthu m'magulu anayi, opanda zonse ziwiri, a jini yokha, a kachilombo kokha ndi a zonse ziwiri, n'kuona ngati gulu lomalizali likuposa zimene tingayembekezere pophatikiza awiri apakatiwo.

Mwatchula za mwana wanu wamkulu amene anakulira kumudzi, ndipo pamenepo pali chinthu chachitatu chimene si jini komanso si chakudya cha lero, ndicho zimene mwana anakumana nazo ali m'mimba ndi ali wakhanda. Ku Netherlands, anthu amene anali m'mimba pa njala ya 1944 mpaka 1945 anapezeka atakula kuti matupi awo sankayendetsa bwino shuga poyerekeza ndi anzawo. Ife tinaona njala ya 1949 ndi ya 2002, ndipo abale obadwa kwa mayi mmodzi m'zaka za usiwa akhoza kufanana pa chifukwa chimenechi. Kuno ku Soweto kuli kafukufuku wa Birth to Twenty amene anayamba ndi ana 3,273 obadwa mu 1990, ndipo wakhala akuwayeza kuyambira ali makanda mpaka tsopano pamene nawonso ali ndi ana awo. Kafukufuku wotere ndi amene ine ndimamukhulupirira kwambiri, chifukwa sadalira kukumbukira kwa munthu. Palinso wa AWI-Gen, woyendetsedwa kuchokera ku Wits, amene anayeza akuluakulu pafupifupi 12,000 ku South Africa, Kenya, Ghana ndi Burkina Faso. Kufunika kwake n'kwakuti kafukufuku wambiri wa majini padziko wachitika pa azungu, ndipo zotsatira zake sizilosera bwino za ife.

Amuna anu sanalakwe pa za buledi, poti boma la kuno linaika malire a mchere m'buledi ndi zakudya zina zogula kuyambira 2016, ndi msonkho wa zakumwa za shuga mu 2018. Mlongo wanu nayenso sanalakwe pa za magazi, koma walakwa ponena kuti palibe chochita. Ndikupemphani kuti mutenge pepala mujambule mibadwo itatu, kuchikazi ndi kuchimuna komwe, ndipo pa dzina lililonse mulembe matenda, zaka zimene anali nazo pamene anayamba, kumene ankakhala, ntchito yake, komanso ngati anayezedwa kuchipatala kapena ndi zongomva. Zaka n'zofunika kwambiri, chifukwa sitiroko ya munthu wa zaka 45 imatiuza zambiri za banja kuposa ya munthu wa zaka 80. Pepala limenelo mukalipereke kwa namwino wanu.

Mayi wa ana atatu, Rosettenville

Zikomo kwambiri nonse atatu. Amayi a ku Soweto, ndamuimbira mng'ono wanga usiku wathawu, ndipo akuti anayezedwa BP komaliza ali woyembekezera mwana wake wachiwiri, amene tsopano ali Sitandade 6, ndipo shuga sanayezetsepo chibadwire. Ndamutumizira ndalama ya thiransipoti kuti apite kuchipatala cha boma ku Dedza sabata ya mawa. Pepala ndayamba kujambula, ndipo mbali ya kuchikazi yadzaza mpaka kuseri, pamene ya kuchimuna ili ndi mayina atatu okha, chifukwa bambo anachoka pamudzi ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndamva kuti azakhali anga alipo ku Ntcheu ndipo ndikufunafuna nambala yawo. Achimwene a ku Braamfontein, ndikapeza kuti bambo anaberekanso ana kwina, amene sitinadyepo nawo mbale imodzi, kodi amenewo ndiwaike pa mzere umodzi ndi mng'ono wanga wa ku Dedza, kapena ndiwalembe paokha?